Kadontho ka buluu pakhoma

Lachinayi, kwatentha tsiku lonse.

Lero ku labu zatheka. Kuwala kwa makina athu a leza sikuoneka ndi maso, koma kukadutsa m'kamwala kapadera, mafunde ake amagunda kawiri pomwe ankagunda kamodzi, n'kutuluka buluu. Abwana anati zikakanika sabata ino chipinda chathu cha labuchi apatsa ena.

Kadontho kataoneka pakhoma, sindinakhulupirire maso anga. Ndinaitana mayi Chikopa, amene amatisesera.

"Mayi, mukuona mtundu wanji?"

"Wobiriwira."

Mtima unangoti phwa. Ndinagwira kale sikuludiraiva kuti ndimasule magalasi onse a makinawo, ndiyambirenso.

"Ngati masamba?"

"Ayi achimwene, ngati kumwambaku kukayera."

Ndinaiwala kuti kwa iwo udzu ndi thambo zonse n'zobiriwira. Ntchito ya miyezi isanu, ndikanaimasula ndekha.