Matheka Asanu pa Galafu Nambala 14

Lolemba, 3 Malichi
Zaka ziwiri ndikukhetsa thukuta pa magalafu 14 amenewa, lero a Pulofesa Ndinanena achotsa dzina langa pa pepala lathu la kafukufuku. Akuti wophunzira sakhala mzere umodzi ndi pulofesa. Munthu woti choko amachigwira pojambulitsa basi! Popanda pepalali, digiri yanga palibe.

Lachiwiri, 4 Malichi
Mayi pafoni: "Kodi mwananga, umaphunzira chiyani kwenikweni?" Ndawafotokozeranso. Galafu ndi madontho olumikizidwa ndi mizere. Pa galafu iliyonse timamanga ndi masamu chibokosi cha makona ambirimbiri. Makona onse akakhala a ma 0 ndi ma 1 okhaokha, galafuyo ndi yangwiro. Pakapezeka theka, yagwa. Iwo: "Bola uzidya."

Lachinayi, 6 Malichi
Semina ndi mawa. A N. akuyeserera mu ofesi, chitseko chili pululu: "Magalafu anga onse ndi angwiro." Anga! Ndinawauza kale kuti ya nambala 14 umboni wake wandikanika. Anati kompyuta yawo inatsimikiza, ndisamachulutse gaga m'diwa.

Masana ndatsegula pulogalamu yawoyo mu labu. Mayo ine! Anailamula kuti izilemba manambala athunthu okhaokha, ati tebulo la zotsatira lizioneka laudongo. Theka lililonse limasanduka 1. Ndachotsa lamulolo, pa 14 pabwera matheka asanu ndondondo. Ndajambula pamanja, ndapeza mkombero wa madontho asanu. Ngakhale wa chaka choyamba amadziwa kuti galafu yotere si yangwiro.

Ndagogoda kuti ndiwauze. "Ndatanganidwa iwe, kakonze mipando ya semina." Ndakonza mipando.

Lachisanu, 7 Malichi
Pulofesa wina mlendo, mayi wa imvi, wakweza dzanja mphindi khumi zisanathe. "Pepani akulu, tabwererani pa 14." Wadzuka, wajambula madontho asanu aja pabolodi, wakhala pansi. A N. amwa madzi botolo lonse. Chisoni ndachifunafuna, sindinachipeze.

Lolemba, 10 Malichi
A N. andiitana. Mpando andikokera okha, mpaka "khalani, mayi." Pa pepala pali dzina langa lokha. "Tinene zoona, ntchito yonseyi inali yanu."

Akuyesa akundisenzetsa maliro. Koma magalafu 13 otsalawo ndi angwirodi, umboni uli m'kope langa lomwe iwo sanalitsegulepo. Amenewa akwanira pepala la digiri yanga. Ndawapempha alembe kuti alibemo gawo. Asaina msangamsanga, ndi cholembera changa.