Ndinafewetsa Kilachi, Galimoto Yapita ndi Akazi Anga

Aphungu,

Ndine bambo wochokera ku Chipata, ndimawotcherera zitsulo pa fakitale ina ku Kelvin kuno ku Bulawayo. Ufulu utangobwera ndinagula Landirova yakalekale kwa mzungu wina wa pafamu amene amathawira kumwera. Galimoto ndi yabwino, koma kilachi yake inali ya zitsulo zolumikizana, zodyeka kale, yolimba ngati ukuponda chitsa. Akazi anga, amake Aida, anayesa kamodzi kuiponda, nangoseka n'kutsika.

Bondo langa lamanzere litayamba kudandaula, mnzanga Davison anandipezera masilinda awiri a kilachi yoyendera mafuta pa galimoto yakufa. Lina tinamanga pa pedulo. Kenako, kakang'ono kaja amati silefu, tinakamanga kunja kwa giyabokosi pa chitsulo chomwe ndinawotcherera ndekha, kuti kakadzayamba kudontha ndidzangomasula mabawuti osatsitsa giyabokosi yonse. Ntchito inatuluka bwino, ndikunyadira.

Vuto linabwera pochotsa mpweya m'mapaipi. Pamafunika anthu awiri, wina pansi, wina kupopa pedulo, ndipo Davison anali atapita. Ndinaitana amake Aida. Ine pansi ndikukuwa, "Popani! Gwirani!" Mwadzidzidzi ndinangomva, "Hawu, atate ake Aida, chafewa ngati buledi!"

Aphungu, kuyambira tsiku limenelo galimoto sindikuionanso. Anaphunzira kuyendetsa kwa mlongo wawo, ndipo tsopano m'mawa amanyamula matumba a kabichi kupita nawo kumsika wa Lobengula, ine n'kukwera njinga. Lamulungu lapitali anandisiya pageti la bwalo la mpira, naliza hutala potsanzika. Anzanga anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Phiri, wagula galimoto kapena wagula dalaivala?"

Kunena zoona, akamabwerera m'mbuyo pageti lathu lopapatiza osakhudza mpanda, mtima wanga umasangalala. Koma kusekedwa kumawawa. Zitsulo zakale zija ndinazisunga m'thumba kuseri kwa nyumba. Kodi ndizibwezere mwakachetechete, ndinene kuti silefu yafa?

S.P., Barbourfields, Bulawayo

A Phiri,

Kalata yanu yandiseketsa, koma yankho ndi lalifupi: ayi. Thumbalo mupatse Davison akaligulitse kwa ogula zitsulo zakutha, lisamakuyeseni mukamadutsa kuseri.

Inu simunalembe ngati munthu wolandidwa. Mwalemba ngati mmisiri amene ntchito yake yayenda bwino kuposa mmene amaganizira. Anzanu akusekawo, ndi angati ali ndi galimoto? Mpira ukatha amathamangira basi, inu mukudikira hutala. Lamulungu likubwerali auzeni kuti kumbuyo kuli malo, muone ngati alipo wokana.

Chimene mwalephera ndi kukhala pansi n'kukambirana. Gawanani masiku. Masiku opikula kabichi galimoto ndi yawo, masiku ena akutuleni ku Kelvin kapena muyendetse nokha. Simunatchule za laisensi, ndipo zimenezo zandidetsa nkhawa. Ngati alibe, apite akayesedwe msanga, chifukwa apolisi a pamsewu safunsa kuti kilachi anamanga ndani.

Popeza ntchitoyo ndi yanu, isamaleni. Muzisuzumira mafuta m'kabotolo ka kilachi sabata iliyonse, ndipo muzithira a mabuleki okha. Oyilo wa injini amatupitsa marabala, kilachi n'kuthera pamsewu. Paipi isayandikire ekizozi. Kasilinda ka kunjako kamakumana ndi fumbi ndi miyala, choncho kaphimbeni ndi kachitsulo, ndipo marabala ena apadera azikhala m'galimoto. Muwauzenso mayiwo kuti akasintha giya azichotsa phazi pa pedulo. Kilachi yofewa imanyenga, munthu amatsamiritsapo phazi osadziwa, mbale ya kilachi n'kupsa. Aphunzitseni mwaulemu, osati mokuwa ngati muli pansi pa galimoto.

Ganiziraninso za Khirisimasi. Ulendo wa ku Chipata ndi wautali, ndipo nyumba yanu tsopano ili ndi madalaivala awiri. Wina akatopa, wina agwira chiwongolero.

Chenjezo langa ndi ili. Bodza la silefu yakufa silingakhale sabata, pakuti munthu woyendetsa galimoto tsiku ndi tsiku amaidziwa. Mukabwezera zitsulozo, amake Aida sadzaiwala kuyendetsa. Adzangodziwa kuti amuna awo anagona chagada pafumbi tsiku lathunthu kuti awalande chinthu chowasangalatsa, ndipo anzanu a kumpira sadzakhalapo pamene mukufotokoza.

Aphungu