Ndinazula Goliati Pamanda a Amayi

Mudzi wa Kamphinda,
Nsaru,
Lilongwe.
9 Disembala 2024

Okondedwa achimwene a Goliati,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Chilomoniko, inu, alamu anga a Selina ndi ana. Bondo lija likukuvutanibe kodi? Kuno tadzuka. Mvula inayamba bwino, chimanga chamera, fodya tawokera. Amene sali bwino ndi amayi athu aang'ono, a Mariya. Tinawatulutsa m'chipatala ku Namitete sabata yatha, ali kunyumba kwanga, akumwa phala lokha. Adokotala anati tizingowasamalira kunyumba. Tanthauzo la mawu amenewo mukulidziwa.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumayankhula nokha, ndipo ine ndikati ndiyambe mumati netiweki yavuta. Pepala lilibe podulira.

Ndamva zimene munauza amfumu Lachitatu. Munati mlongo wanu wapenga, wazula maluwa amene munabzala pamanda a amayi, ndipo awabwezere pomwepo. Akuti munayankhula nthawi yaitali, koma simunafunse ndi kamodzi komwe kuti maluwa anuwo akula bwanji tsopano. Ndiye ndikuuzeni ine.

Munabwera nawo m'chitini cha penti tsiku lovundukula chiliza cha amayi, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Munati akupatsani ndi abwana anu, dzina lake ndi lantana, ndipo safuna kuthirira. Pa kuthirirapo munanena zoona. Dzina la lantana anthu analiiwala sabata yomweyo. Kuno chitsamba chimenechi timachitchula Goliati. Musayese ndi ulemu. Munthu akati Goliati wamudyera dimba, kapena mbuzi yake yakodwa mu Goliati, ngakhale ana amene sanakuonenipo amamva chimene akunena.

Chimabereka tizipatso takuda. Apumbwa amatikonda, ndipo pamene pagwa chitosi cha pumbwa pamamera Goliati. Pofika chaka chachisanu ndi chiwiri, m'kankhalango ka amayi kumunsi kwa dimba, muja tinkatola masuku, munalibenso njira. Udzu wofolera unatha. Bowa wa utale tinasiya kumuona. Thole la a Febe, oyandikana nawo nyumba, linadya masamba ake, khungu la pamphuno linasendeka, linafa patapita masiku asanu. Nkhanga zija mumauza anzanu m'tauni kuti kwanu zimakudzutsani zinachoka kalekale. Nkhanga imaikira mazira mu udzu, ndipo pansi pa Goliati sipamera kanthu. Ndi mdima ndi fungo basi.

Amuna anayesa moto zaka ziwiri. Moto unapha misuku ing'onoing'ono, akamba awiri tinawapeza atapsera m'zigoba zawo, koma Goliati anaphukira ndi mvula yoyamba, wonenepa kuposa kale. Mlangizi wa zankhalango atabwera anati njira ndi imodzi yokha: kudikira nthaka ifewe, kudula nthambi, kukumba chitsa chonse, n'kuchigadamitsa kuti mizu ipse ndi dzuwa. Amuna atamva kuti m'nkhaniyi mulibe machesi anakumbukira kuti ali ndi nazale za fodya.

Tinatsala akazi asanu ndi anayi. Takumba mvula zitatu, Lachiwiri ndi Loweruka lililonse. Mukaona manja anga mudzayesa ndimalimbana ndi amphaka. Nthambi sititentha, timaziunjika m'mphepete kuti akanungu ndi nkhwali azibisalamo. Tinagwirizana ndi eni agalu kuti kuyambira Disembala mpaka Malichi galu asalowemo. Pafupi ndi kasupe tinasiya tchire lachibadwa kuti nyama ikamamwa isamaonekere patali.

Chaka chatha udzu unabwerera. Mu Januwale a Febe anapeza chisa cha nkhanga cha mazira khumi ndi anayi, ndipo a Febe, amene mukuwadziwa pa nkhani ya ndiwo, anachisiya. Agwape awiri anayamba kumwa pa kasupe. Sindikunena kuti ndi zinthu zazikulu. Ndikungonena kuti mdzukulu wanga anaona gwape wamoyo, osati wa m'buku la sukulu.

Koma chaka chilichonse timbande timameranso, tosawerengeka, pansi pa mitengo imene apumbwa amatera. Ndipo apumbwawo amachokera kumanda. Kumeneko Goliati wakwera mpaka kunsonga za mitengo, wakuta ziliza, adzukulu akamanyamula bokosi amayenda chowerama. Palibe amene amamudula, poti kumanda salowa ndi chikwanje popanda chilolezo, ndipo mwini maluwa ndi inu. Ndinapita kwa amfumu katatu. Iwo sakana munthu, amangoti timve kaye kwa mwinimbumba. Ndinakuimbirani kawiri. Munati, "Tabita, maluwa a amayi usawakhudze." Kenako netiweki inavuta.

Choncho Loweruka la pa 23 Novembala ndinalowa ndekha, ndi khasu ndi chikwanje, dzuwa lili pamutu kuti wina asadzati ndinazemba. Ndikudziwa kuti ndinalakwira mwambo. Mkazi salowa kumanda yekha, ndipo sindikufuna kuti wina andiphunzitse zimenezo. Mbali ya zinthu za amuna sindinayang'aneko. Ndinalunjika kwa amayi, ndipo ndinafikako chokwawa.

Achimwene, chiliza chija munajambulitsa mutaima pambali pake chang'ambika pakati. Chitsa cha maluwa anu chinali chachikulu ngati ntchafu ya munthu, mizu yake inalowa pansi pa simenti n'kuitukula. Mng'alu wadutsa pakati pa dzina la amayi. Ndinakhala pansi kaye. Kenako ndinati, "Amayi, ndine Tabita, ndabwera kudzakutulani katundu." Ndinakumba mpaka dzuwa kupendeka. Manda enieniwo sindinawakhudze, ndinangotsata mizu.

Tsopano za mboni yanu, a Fabiano, mkulu wa adzukulu, aja munkaphunzira nawo ku pulaimale. Pokwawa paja ndinapeza makhwekhwe asanu ndi awiri a waya wa mabuleki a njinga, otcheredwa m'tinjira ta nyama pansi pa chitsamba. Limodzi linali ndi mwana wa gwape, wakufa, atayamba kale kununkha. Mwini misampha anachedwa kuyendera, nyama inangofera chabe. Ndinamasula mawaya onse n'kuwamanga m'chitenje. Nditamaliza kukumba ndinatembenuka, n'kuona a Fabiano ataima ndi thumba lopanda kanthu.

Anandifunsa kuti mkazi akufuna chiyani kumanda ndi khasu. Ndinawaonetsa chitsa chili chogadama. Kenako ndinawafunsa kuti kodi maliro ndi a ndani, poti uthenga sindinaumve, komanso adzukulu anayamba liti kuyenda ndi thumba. Anayang'ana chitenje changa, n'kubwerera.

Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti Tabita wapezeka akufukula manda a amayi ake. Nkhani itafika pamsika pa Nsaru inali itavula: akuti ndinali wamaliseche. Amene anapeka zimenezo sanayambe walowapo mu Goliati. Ndi zovala zomwe umatulukamo magazi ali chuchuchu.

Mlandu uli pabwalo Loweruka la pa 21 Disembala. Amfumu anali atanena kale kuti cholakwa changa ndi cholowa kumanda, chindapusa chake mbuzi. Ndinavomera, mbuziyo ndaimangirira kale. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma inu munaimba foni, ndipo a Fabiano anapeza poimira. Adzukulu tsopano akuti mpaka nditabwezera maluwa pamutu pa amayi, monga walamulira mwinimbumba, sadzakumba manda a munthu aliyense wa m'nyumba mwanga. A Fabiano anabwera okha ndi mbande n'kuiika pakhomo panga. Sanavutike kuifuna, ili paliponse.

M'nyumba mwanga muli a Mariya. Makoma athu mukuwadziwa, anamva zonse. Nditalowa ndi phala anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwanawe, nanga ine mukandiika kuti?" Ndinawauza kuti amwe phala lisazizire. Amenewa ndi aja anakuberekani kumsana inu amayi akudwala, ndipo lero akuwerenga masiku awo mwamantha chifukwa cha maluwa amene simunawaonepo kuyambira tsiku lowabzala.

Mwa akazi asanu ndi anayi aja tatsala atatu. Ena amuna awo awaletsa kuyenda ndi munthu wofukula manda, ena angoopa okha. A Febe akubwerabe. Akuti ngati ndili mfiti, ndine mfiti yopusa, youluka masana ndi khasu. Ino ndiyo nthawi yozula, nthaka ili yofewa. Tikaphonya mvula ino, timbande ta chaka chino tidzabereka, ndipo ntchito ya zaka zitatu idzabwerera pamene inayambira.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinaonetse mawaya aja kwa amfumu. Ndili nawo, ndawasunga. Koma khasu la kumanda lili m'manja mwa a Fabiano, ndipo munthu ukamuchititsa manyazi pagulu sakumba, ngakhale mlandu uupambane. Ine sindikufuna kupambana a Fabiano. Ndikufuna dzenje la a Mariya, ndi kuti misampha ichoke. Zonse ziwirizo zingatheke mwakachetechete ngati mawu anu atachoka m'kamwa mwawo.

Pali china chimene sindinauzepo munthu, ndipo popeza ndakukalipirani masamba atatu, n'koyenera kuti muchimve inu poyamba. Chaka chachiwiri chibzalireni maluwa anu, tsiku limene amuna ankalambula kumanda, ndinapempha mmodzi kuti andithyolereko nthambi za maluwa aja. Ndinaona kuti mbuzi sizidutsapo. Ndinabzala mpanda kuzungulira dimba langa lonse, ndinathirira, utagwira ndinagawirako anzanga, ndipo ndinkadzitama nawo. Goliati woyamba kulowa m'kankhalango ka amayi sanachokere kumanda. Anachokera ku mpanda wanga, womwe uli pafupi. Mpandawo ndinauzula poyambirira penipeni, anthu n'kumati Tabita ndi wachitsanzo chabwino. Sankadziwa kuti ndikufufuta mapazi anga. Pamene anayamba kutchula chitsambachi dzina lanu ndinakhala chete, ndipo ndinkaseka nawo. Inu munabweretsa chitini chimodzi. Ine ndinabzala mizere inayi.

Zimenezi ndidzazinena pabwalo, anthu onse akumva, kaya mubwera kaya simubwera. Akafuna kusintha dzina kuti akhale Tabita asinthe, ndidzamuzulabe.

Koma musayese kuti mkwiyo wanga watha. Ine ndinalakwa osadziwa, nditadziwa ndinagwira khasu. Inu mwauzidwa kawiri, ndipo mukulamula kuchokera ku Blantyre za malo amene simungathe ngakhale kuwalozera njira. Umwinimbumba wanu umafika kuno pa foni pokha, ndipo nthawi zonse umafika kwa anthu ena, osati kwa ine.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Bwerani. Musanapite pabwalo, lowani kumanda, inu ndinu mwamuna, palibe angakuletseni. Kwawani mmene ndinakwawira ine, mukawerenge dzina la amayi. Mukatuluka munene pamaso pa anthu kuti maluwa anali anu ndipo simukuwafunanso. Kenako mupemphe amfumu, monga mwinimbumba, tsiku loti amuna akazule otsalawo, poti ine ndachotsa chitsa chimodzi chokha ndipo ana ake adzaza manda onse. Si mawu ambiri. Lachitatu munayankhula oposa pamenepo.

Mukaona zonsezo n'kunenabe kuti ndibzale, ndidzavomera, chifukwa sindingasiye a Mariya opanda pogona. Koma dzenje la mbandeyo mudzakumba ndinu, ndi manja anu, pamutu pa amayi, adzukulu akuona. Ine ndidzaima kunja kwa manda, pamalo pa akazi, monga mwambo ufunira.

Ngati mungathe kufika tsiku la mlandu lisanakwane, chitani choncho. Sindikudziwa ngati a Mariya adikire mpaka pa 21. Dzulo anamwa masipuni anayi okha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa ana onse. Muuze Ursula kuti azakhali ake akumuyembekezera pa tchuthi, adzaone nkhanga zikadalipo. Ana kuno akupereka moni, a Febe nawonso, ngakhale moni wawo uli ndi mawu ena amene sindilemba. Mulungu akusungeni, akupatseni ulendo wabwino.

Ine mlongo wanu,
Tabita