Zala za Otis

Milwaukee, Januwale

Wokondedwa mlongo wanga Dwight,

Moni kuchokera kuno ku tawuni. Muli bwanji kumeneko ndi kuzizira kwa chaka chinoku? Msana uja wakusiya? Ndikudziwa kuti iwe ungandiyankhe kuti uli bwino ngakhale ukuyenda chowerama, ndiye mwina ndidzafunse Rhonda, mlamu wanga sabisa matenda. Ine ndilipo. Ndikudzuka, ndikudya, ndikupita ku ntchito.

Pali chinthu chimene sindinakuuze pamaliro paja. Tsiku lija unandiimbira foni ndinali ku laibulale, ndikubwezera mabuku m'mashelefu. Utanena kuti Bambo wawapeza pampando wawo kukhitchini atatisiya kale, khofi atazizira m'kapu, ine ndinangoti chabwino, ndamva, ngati kuti wandiuza mtengo wa mkaka. Ndinapitiriza kuika mabuku mpaka onse anatha. Kenako ndinakumbuka kuti sindinakufunse ngati mphaka wawo Otis wadya. Mnzanga wa kuntchito anandipeza nditakhala pansi pakati pa mashelefu, ndikulirira mbale ya mphaka.

N'chifukwa chake ndinakakamira kumutenga. Unanena zoona kuti agalu ako akanamusandutsa mpira, komanso Rhonda akangoyandikira mphaka maso amatupa. Amphaka a kukhola la ng'ombe nawonso sakanamulandira, bwana wogona pabedi la Bambo ngati iyeyu. Ndiye ali kuno, ndipo nkhani ya kalata ino ndi iyeyo.

Njira yonse analira m'dengu mpaka mawu anasasa. Titafika anabisala kunsi kwa bedi, chakudya ankadya ine ndikachoka. Tsiku limene anatulukamo n'kudzakhala pamiyendo panga ndinasangalala ngati mwana. Sindinadziwe kuti watuluka kudzayamba ntchito.

Uwakumbuke Mayi Pawlak, eni nyumba ino, amene amakhala pansi ine pamwamba, aja anakukakamiza supu wa kabichi mpaka unamasula lamba. Mafelemu a zitseko za m'nyumba muno anawapala ndi kuwapaka vanishi ndi malemu amuna awo, Bambo Casimir, ndi manja awo. Otis anasankha felemu ya chitseko cha kukhitchini. Ine ndinkaona tizidutswa ta thabwa pansi koma maganizo anali kwina. Mayi Pawlak atakwera kudzaona paipi yotenthetsa m'nyumba, anaima pachitsekopo akuyendetsa chala m'mizere imene Otis anakumba.

Sanakalipe. Anandiuza kuti amphaka amawakonda, koma lamulo la nyumba yawo n'lakalekale: mphaka wokhala muno amachotsedwa zikhadabo. Anazinena mopepuka ngati akunena zometa tsitsi. Akuti mphaka wawo Pearl anamuchotsa ali kamwana, nanga sindikumuona mmene wanenepera, wakadandaulapo kwa ndani? Pomaliza anandigwira paphewa n'kunena kuti mwana wanga, kaya zichoke zikhadabo, kaya achoke mphaka, kaya muchoke nonse awiri, koma zitseko za Casimir zitsale.

Ukudziwa zaka zimene ndakhala m'nyumba ino. Kuntchito ndimayenda wapansi. Mtengo wa pazenera langa ndauona ukukula. Ndipo chitichitikire malirowa ndilibe mphamvu yonyamula ngakhale katoni imodzi. Choncho ndinavomera, Dwight. Ndinaimba foni kuchipatala cha ziweto, anandipatsa tsiku. Mumtima ndinkati n'zikhadabo chabe, anthu ambiri kuno amatero, ndipo mphaka wa m'nyumba azigwira nazo chiyani?

Dokotala wake ndi mtsikana, dzina lake Ferrante. Anamuyeza Otis, anayamikira mano ake, kenako anandifunsa ngati ndikudziwa chimene opaleshoniyo imachita. Ndinati ee, amazula zikhadabo kuti zisamerenso. Anandipempha dzanja langa. Anagwira chala changa cholozera, n'kudina pamfundo yomaliza, kumunsi kwa chikhadabo. Anati chikhadabo cha mphaka chimamera pafupa penipeni, ndiye kuti chisamerenso amadula fupalo, pamenepa, chala chilichonse cha miyendo yakutsogolo. Anawonjeza kuti mphaka amayendera zala, osati chidendene ngati ife. Ena amapola bwino. Ena amamva ululu mpaka kukalamba, amayamba kuluma anthu, ena amathawa bokosi la mchenga chifukwa mchengawo umawabaya. Dokotalayo anati iye anasiya kuchita opaleshoniyi, koma ngati ndatsimikiza, alipo madokotala ena amene amachitabe. Sanandidzudzule n'komwe.

Ndinayang'ana chala changacho koma chimene ndinaona ndi dzanja la Bambo. Zala ziwiri zija makina omangira udzu anazidula ife tili ana, pamfundo yomweyo. Ankanamiza ana a kutchalitchi kuti anazisinthanitsa ndi ng'ombe ya mkaka ndipo amene anapindula ndi iwo. Koma iwe ndi ine tinkawaona m'mawa nthawi yozizira, atabisa dzanjalo kukhwapa asanayambe kukama, akuti mbali imene kulibeyo ndi imene imawawa kwambiri. Mabatani a m'manja mwa shati ankawamangira ndi Amayi. Amayi atamwalira, Bambo anangosiya kuwamanga. Ndi dzanja lomwelo ankamukanda Otis kuseri kwa makutu.

Ndinamuuza dokotala kuti ndasintha maganizo. Iye anangowenga nsonga za zikhadabo ndi kachida kakang'ono, n'kundiphunzitsa kuti ndizitero ndekha. Otis anatitukwana tonse awiri mpaka tinatuluka pakhomo.

Ukudziwa khalidwe langa, chinthu chikandivuta ndimathawira m'mabuku, ndipo ndikukumva kale ukunditcha aphunzitsi. Ndinawerenga zonse zimene ndinapeza. Pa zodula zala, zambiri zimene ndinawerenga zikugwirizana ndi dokotala uja, ndipo malo ena analetseratu. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi china, chomutsekera m'nyumba.

Bambo ankati mphaka wosatuluka panja ndi pilo wa miyendo. Otis anazolowera kutuluka m'mawa, kuyendera khola, kutsikira kudambo, n'kubwera madzulo kudzawauza Bambo zimene waona. Kuno amakhala pazenera kuyang'ana agologolo, chibwano chikunjenjemera. Nthawi imene Bambo ankamutsegulira ikakwana, amapita pachitseko n'kundiyang'ana, ndipo ine ndimayang'ana kumbali. Tsiku lina ndikutulutsa zinyalala anandidutsa pakati pa miyendo. Ndinamusaka msewu wonse nditavala masilipasi m'chipale chofewa, ndikuitana ngati wamisala. Ndinamupeza kunsi kwa galimoto ya aneba, ubweya utaimirira, basi ikudutsa pafupi. Uja sakonda kunyamulidwa, koma tsiku limenelo anandikwera yekha mpaka pakhosi.

Ndinakumbukanso amphaka ogundidwa aja amene tinawakwirira m'mbali mwa msewu wa kwathu, kumene galimoto imadutsa mwa apo ndi apo. Nanga kuno? Ndiye palinso mbalame zija Otis ankaziika pakhomo, Bambo n'kumamukalipira kuti iwe chigawenga, kwinaku akum'patsa tchizi. Kuno aneba amapachika mbewu m'mitengo kuti mbalame zidye nthawi yozizira, sizinalakwe kanthu. Choncho ndaganiza kuti akhale m'nyumba, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi bwino kutero. Koma sindidzinamiza kuti sindinamulande kanthu. Ndamulanda dambo, khola ndi mbewa zake zonse. Mwini wake anachita kumulanda ndi imfa. Zala nazonso ndimulande? Paja amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndinatenga mphaka, osati chidole.

Ndinatsika kukawauza Mayi Pawlak, ndipo apa m'pamene ndinalakwitsa. M'malo mongonena kuti sindingathe, ndinawagwira chala n'kudina pamfundo monga anandichitira dokotala, Pearl ali pamiyendo pawo. Anachotsa dzanja ngati ndawawotcha. Anandifunsa ngati ndatsika masitepe onsewo kudzawauza kuti iwo ndi wodula zala. Akuti anthu a mabuku inu vuto lanu n'lomwelo, mukawerenga chinthu Lachiwiri, Lachitatu mwasanduka abusa. Masiku awo dokotala ankachitira limodzi ndi opaleshoni yoti mphaka asabereke, ndipo palibe anatchulapo za mafupa. Pearl amagona pabulangete la ubweya, amadya nsomba, ine ndingawaphunzitse chikondi? Anatseka chitseko. Ndinakwera ndili ndi manyazi, chifukwa zimene ndinanenazo zinali zoona koma ndinazinena pamaso pa mphaka wawo. Madzulo omwewo ndinayamba kufunsa za nyumba zina. Zimene zimalola mphaka zilipo, koma kutali, kokwera mabasi awiri.

Lamlungu atachoka kutchalitchi ndinamva Mayi Pawlak akukwera pang'onopang'ono, akupumira pa sitepe iliyonse. Anali ndi poto wa supu uja. Anati aphika wambiri mwangozi, ndisaganize zina. Atakhala pampando, Otis wopanda manyazi anawakwera pamiyendo n'kuyamba kuwaponda ndi zikhadabo monga amachitira akakondwa. Anakuwa kuti mayo, mbava iwe, siketi yanga ya kutchalitchi! Koma sanamugwetse. Anatenga phazi lake n'kulitembenuza, kuliyang'anitsitsa nthawi yaitali.

Kenako anati sabata yonseyi akhala akumuyang'ana Pearl. Akuti akafuna kutsika pabedi amayamba waima m'mphepete kuyang'ana pansi, kenako amatsika chobwerera m'mbuyo, ndipo iwo zaka zonsezi ankati ndi matama a chidona. Ndinatsegula pakamwa koma anandiletsa. Anati sakundifunsa, ndisayankhe, angonena chabe.

Za zitseko sanasinthe. Anati za Casimir zimene zatsala n'zochepa: zovala anapereka, zida zake ana anagawana, koma zitseko angathe kuzigwira m'mawa uliwonse. Ndinawauza kuti ndikumvetsa, ndipo mwezi uno ndikumvetsadi. Tinagwirizana chonchi. Atipatsa mpaka chipale chofewa chidzasungunuke. Akadzakwera n'kupeza kuti palibe mzere watsopano pathabwa lililonse, tikhala. Ukadzapezeka ngakhale umodzi, tidzasamuka popanda kukangana, ndipo akuti makatoni adzandithandiza okha kumanga. Za opaleshoni sanatchulenso.

Mafelemu onse ndawakuta ndi makatoni, nyumba ikuoneka ngati sitolo yotsekedwa. Ndinagula mtengo wokandapo amphaka, uja wokulungidwa chingwe. Otis anaununkhiza kamodzi, n'kukagona m'bokosi limene unabweramo. Ndinagula wina wogona pansi, womwewo anaudumpha. Dzulo ndamupeza akuyesa kulowetsa phazi kuseri kwa katoni ya pachitseko cha kukhitchini. Makatoni sangatifikitse kumapeto.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo useke kaye usanayankhe. Kukhonde la kuseri kwa nyumba ya Bambo kuli nsanamira ya mkungudza, ija ili pafupi ndi masitepe, yodyeka m'munsi ngati yasetekedwa ndi ng'ombe. Pamenepo m'pamene Otis wakhala akunolera zikhadabo chibwerereni pakhomo paja, ndipo Bambo ankakana kuipaka penti, ati ili ndi mwini wake. Dokotala akuti mphaka amabwerera pamene pali fungo lake ndi mizere yake. Ndikupempha kuti anthu atsopano odzakhala m'nyumba ya Bamboyo asanafike, undidulire nsanamira imeneyo, kuyambira pansi mpaka pofika pachifuwa pako. Uyambe waimika ina usanagwire macheka, denga lingakugwere, maliro amodzi atikwana. Usaipale, usaitsuke, ndipo Rhonda asaione, angaipake vanishi chifukwa cha chifundo. Uikhomere pathabwa lalikulu kuti isamagwe, n'kubwera nayo podzamusiya mwana wako Tess ku koleji kuno.

Ndikudziwa unena kuti mlongo wako wapenga, kukunyamulitsa chipika ulendo wonsewu chifukwa cha mphaka. Nena, koma ubwere nacho. Mwina sachifuna n'komwe, amphaka sapangana ndi munthu. Koma ndi njira yokhayo imene ndatsala nayo, ndipo kunena zoona, nanenso ndikufuna kuona chinthu cha pakhonde paja chili m'nyumba mwanga.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Rhonda, umuuze kuti magolovesi aja andikwana. Kwa ana ako Tess ndi Cole, uwauze kuti azakhali awo akuwasowa, ndipo Cole asaiwale kuti jekete la agogo ake ndi lake, asachite manyazi kulivala. Azakhali athu a Bernice uziwazonda ngakhale atakuuza kuti safuna alendo, paja ataya mlongo wawo womaliza. Iwenso uzilira ukafuna, ng'ombe siziuza munthu.

Kaya tikhala m'nyumba ino kaya tisamuka, sindikudziwa. Bambo kulibe. Otis alipo, wagona padzuwa la pazenera, ndipo zala zake zonse zili pomwepo.

Ndine mlongo wako wokukonda,

Lorna