Lamulo la a Jumbe ndi Nyemba Zanu

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko?

Ndiyambe ndi zofunika kuti muzidziwe msanga. Mtanda wa pamanda panu unapendekeka ndi mvula. Achimwene auwongola, ndipo ndapita kukaugwedeza ndekha kuti nditsimikize. Mng'ono wanga Agnesi wachira, mwana ndi wamkazi, tamutcha dzina lanu, Sesiliya. Mbatatesi za kudimba zapsa ndi chisanu, koma nyemba zachita bwino. Yatsala nkhani imodzi, ndipo ndi imene yandilanda mtendere.

Mwezi watha anandipatsa Fomu 4 kuti ndiziphunzitsa masamu, a Jumbe, mkulu wa aphunzitsi a masamufe, atachulukidwa ntchito. Ndinapeza ana ataloweza lamulo lopotoka la malogarizimu. Dzinalo lisakuopseni, ndi njira chabe yochepetsera ntchito pa manambala akuluakulu. Lamulo loona limati ukaphatikiza log 2 ndi log 3 umapeza log 6, chifukwa 2 kuchulukitsa ndi 3 ndi 6. Iwo anaphunzitsa kuti umapeza log 5.

Mukundidziwa, ndinayamba ndi kudzikayikira ndekha. Ndinatenga kalikuleta. Log 2 inandipatsa 0.301, log 3 inandipatsa 0.477, pamodzi 0.778. Ndinadina log 5, kunabwera 0.699. Log 6, 0.778. Ndinabwerekanso kalikuleta ya mnzanga poopa kuti batire la yangayo lafooka. Zomwezo.

Ndinakawaonetsa a Jumbe mwaulemu, tili awiri. Anaseka, nati lamulolo analiyesa kale. Anaphatikiza log 2 ndi log 2, n'kundionetsa kuti zikufanana ndi log 4. Amayi, 2 ndi 2 ukaphatikiza ndi 4, ukachulukitsa ndi 4 yemweyo! Anayesa ndi nyemba imodzi, yoti ikanamera ngakhale pathanthwe.

Pomwepo ndinakuonani m'maganizo mukuchokera kumsika wa Bembeke ndi mbewu yogula. Munkatapa pamwamba pa thumba, pakati, ndi pansi penipeni, n'kukulunga m'kansanza konyowa mpaka muone zomera. Ine ndikamadandaula kuti anzathu adzala kale, munkati, "Nyemba imodzi siuza za m'thumba."

Tsopano a Jumbe akuti ndisawachititse manyazi pamaso pa ana, funsolo mwina silibweranso pamayeso a boma. Ahedi nawo, amene amapemphera mphakati umodzi ndi a Jumbe, andikumbutsa mwachifatse kuti sukulu za kuseri kwa Lobi zikusowa aphunzitsi. Ndamva chomwe akutanthauza. Akandisamutsa, pamanda panu azikalambula ndani?

Komabe sindikhala chete, Amayi. Ana amenewa amatsika mapiri m'mawa kukuzizira, makolo awo atagulitsa kabichi kuti iwo akhale m'kalasi. Sindingawatumize kumayeso ndi mbewu yofumbwa. Lolemba ndisonkhanitsa makalikuleta onse a pasukulu, mwana aliyense asankhe manambala ake, adine yekha, aone yekha. Sinditchula dzina la munthu. Akafuna kundisamutsa andisamutse, koma ngakhale ku Lobi 0.699 sadzasanduka 0.778.

Ndiye chonde ndiyankheni Lolemba lisanafike, ngakhale kutulo. Mungoti, "Tapa pansi pa thumba, mwanawe." Kulikonse kumene anganditaye, ndikulonjeza kuti pamanda panu sipadzamera tchire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesita