Muno Muli Munthu

Loweruka, mwezi wa Julayi. Chiperoni tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Msuweni wanga Yamikani, amene wabwera kutchuthi kuchokera ku Ulaya, anandiumiriza kukwera naye phiri la Zomba kuti akajambule mathithi ndi mabwinja. Akuti kunjako zithunzi zotere amazikonda. Ndinapita naye kunyumba zakale za ogwira ntchito m'nkhalango, kumene ndinakulira. Malata ambiri anasasulidwa kalekale.

Iye anangolowa m'nyumba ina, kamera ili kumaso, n'kuyamba kujambula bulangete long'ambika lomwe linali pansi. Ine, mwachizolowezi, ndinaima pakhomo n'kunena kuti odi.

"Lowani," anayankha munthu kuchipinda.

Anatuluka a Chikopa, mnzawo wa malemu bambo anga, atafunda chiguduli, akutsokomola. Akalamba zedi, moti sanandizindikire.

Yamikani anayamba kupepesa. Iwo anangoti, "Jambulani, bambo. Koma kwanuko mukanene kuti muno muli munthu."

Kenako tinatsika phiri. Panopa Yamikani akusankha zithunzi pa laputopu, akuti cha bulangete chija ndiye chatuluka bwino kwambiri. Kuno kutauni zala zachita kuuma ndi kuzizira, nanga kuphiri kuja...