Kupala Moto ku Mapuloti

Lachitatu, Juni 2001. Chiperoni tsiku lonse, mtima nawo uli zii.

Machesi anatha m'mawa. Ndinatenga phale kukapala moto kwa aneba, monga tinkachitira kwathu ku Kadewere. Ndinaiwala kuti kuno ku mapuloti atsopano a pa Boma nyumba iliyonse ili mumpanda. Ndinaodira pageti mpaka galu anatopa kuuwa. Kenako mayi a m'nyumbamo anatuluka, n'kuyang'ana phale langa.

"Pepani amayi, ife timaphikira magetsi," anatero, n'kundipatsira bokosi la machesi pamwamba pa geti. Osatsegula.

Sanalakwe, koma ndinabwerera ngati wopemphetsa. Kwathu, ukapita kukapala moto kwa anaMbewe oyandikana nafe, unkayamba wakhala pamphasa, n'kumva amene wadwala ndi amene mbuzi zake zalowa m'munda wa eni. Makala ankazima m'phale tikucheza, n'kupalanso ena.

Bambo a ana akuti ndizolowera, kuno kuli mpopi ndi misewu yowongoka. Zoona. Komatu dzinja lonse latha tili pano, mayi aja dzina lawo sindikulidziwa. Tsiku limene ndidzadwale bambowa ali ku Limbe, ndidzakuwa dzina la yani...